Mano oikirira a m'munsi akungogwedera, kodi ma implant awiri angandithandizedi?

Nachisale67

Moni nonse. Ndine mayi wa zaka 67 ndipo m'kamwa mwanga simunatsale dzino langalanga ngakhale limodzi. Anatha pang'onopang'ono ndi matenda a nkhama, ena ankagwedera mpaka kugwa okha, otsalawo anachotsa adokotala. Ndakhala ndikuvala mano oikirira, a m'mwamba ndi a m'munsi omwe, kwa zaka ndithu.

A m'mwambawa ndilibe nawo mlandu. Ndikawakankhira m'malo mwake amamata, tsiku lonse ali phee. Ondisowetsa mtendere ndi a m'munsi. Poyamba ankakhalako bwino, koma chaka ndi chaka akunka nakhwefuka moti pano amangoyandama. Ndikatafunira kumanja, kumanzere kumanyamuka, tizinyenyeswa n'kulowa pansi pake, ndiye ndikalumanso kanjere kakang'onong'ono kamandibaya pankhama mpaka misozi. Pagulu ndimasankha zofewa zokhazokha, nyama ndimaikankhira pambali ngati sindiikonda, chonsecho ndikuifuna. Ndimaimbanso kwaya, ndipo pofika poyasamula kwambiri lilime langa limagwira ntchito ziwiri, kuimba ndi kupanikiza manowa kuti asadumphe. Ndinayamba kuimba chapansipansi, anzanga amaganiza kuti ndi ukalamba.

Guluu wa mano uja ndimapaka. M'mawa amagwira, koma ndikangomwa chotentha wasungunuka, ndipo kupala zotsalira zake pankhama usiku ndi ntchito yonyansa. Adokotala anawadzazapo kale mkati kuti athine. Anathinadi kwa miyezi ingapo, kenako anabwerera mwakale.

Tsopano akuti ndiganizire zoika ma implant awiri, tizitsulo tolowetsa m'fupa, kutsogolo kwa nsagwada ya m'munsi, manowa azigwirira pamenepo koma ndizivulabe. Apa m'pamene mutu wanga waima. Ndalama zake si zamasewera, ndiye ndilipire zonsezo n'kumavulabe usiku ngati kale? Mwana wanga wamkazi akuti ngati ndi choncho kuli bwino ndiike omangirira osavula aja. Komanso ndili ndi matenda a shuga, ngakhale mankhwala ndimamwa mosadumphitsa. Zaka zangazi fupa lingagwirenso chitsulo? Nanga kubowola fupako kumawawa bwanji? Amene munapangitsapo ndiuzeni zoona zokhazokha, zoipa zomwe.

Wa_ku_labu

Pepani mayi ndi zimene mukuonazi. Ine si dokotala, ntchito yanga ndi yopanga mano oikirirawo mu labu adokotala akatitumizira chikombole cha m'kamwa mwa munthu, ndiye dandaulo lanuli ndimakumana nalo kawirikawiri.

Manowo sanasinthe, yasintha ndi nsagwada yanu. Fupa limene limagwira mizu ya mano limakhalapo chifukwa cha manowo, ndipo akachoka thupi limayamba kulichotsa, mofulumira m'chaka choyamba, kenako pang'onopang'ono moyo wonse. Wofufuza wina dzina lake Antje Tallgren anatsatira anthu ovala mano oikirira kwa zaka zofika 25, ndipo mu 1972 analemba kuti kutsogolo kwa nsagwada ya m'munsi fupa limatha pafupifupi kanayi kuposa m'mwamba. N'chifukwa chake kudzaza kuja kunakuthandizani kanthawi kochepa chabe. Anadzaza mpata umene unalipo tsiku limenelo, koma fupalo silinasiye kutsika.

Kuwonjezera apo, a m'mwamba ali ndi mwayi. Amaphimba denga lonse la m'kamwa, malovu n'kutseka mpweya m'mphepete, basi amamata. A m'munsi ndi kachingwe kopapatiza kokhota, mkati muli lilime likuwatukula, kunja kuli mlomo ndi masaya zikuwakankha. Kamtunda ka fupa kamene amakhalapo kakaphwa, palibenso chowagwira, ngakhale ife titawapanga mwaluso bwanji.

Implant ndi kachitsulo ka titaniyamu kopota ngati sikuluwu, nthawi zambiri ka mamilimita 4 kapena kucheperapo pang'ono m'mimba mwake, utali wake pakati pa mamilimita 8 ndi 13. Chodabwitsa cha titaniyamu n'chakuti fupa limamera n'kumamatira kwenikweni pachitsulocho. Anazindikira zimenezi ndi Per-Ingvar Brånemark wa ku Sweden m'zaka za m'ma 1950, pamene tizida ta titaniyamu timene anaika m'mafupa a akalulu pofufuza kayendedwe ka magazi tinakanika kuchoka. Munthu woyamba anamuika ma implant mu 1965 mumzinda wa Gothenburg ku Sweden komweko, ndipo anakhala nawo zaka zoposa 40 mpaka kumwalira. Si zinthu zoyeserera pa inu ayi.

Kwa inu akunena awiri chifukwa kutsogolo kwa chibwano ndi kumene fupa limatsalako ngakhale kumbuyo kutaphwa, ndiponso mtsempha waukulu wa m'nsagwada umatulukira chakumbali, ndiye pakatikati pamenepo dokotala amagwira ntchito popanda kuukhudza. Akaika amadikira kuti fupa ligwire, kawirikawiri miyezi iwiri kapena itatu. Kenako pamwamba pa implant iliyonse amamangapo kamutu kamene kamaonekera pankhama, ndipo kunsi kwa mano anu timaikako tizisoti tiwiri tachitsulo, mkati mwake muli kamphira kolimba ka nayiloni. Mukadina, kamutu kamalowa m'kachisoti monga amachitira mabatani odina a pa zovala za ana aja. Mtundu wofala kwambiri ndi wotchedwa Locator, koma palinso timitu tobulungira, maginito, ndi kamtanda kolumikiza ma implant onse kamene mano amakolapo.

Mu 2002 akatswiri anakumana pa yunivesite ya McGill ku Montreal n'kugwirizana kuti munthu amene alibe mano onse a m'munsi, choyamba kumuuza chizikhala chimenechi, mano ovula ogwirira pa ma implant awiri. Mu 2009 akatswiri a ku Britain anabwerezanso mfundo yomweyo ku York. Adokotala anu sakukugulitsani zachilendo.

Bambo_a_mapasa

Achemwali, ine ndili nawo, ndipo zaka zathu sizikusiyana kwambiri. Ndikuuzeni mmene zinandiyendera.

Za kuwawa, ndinkaopa zachabe. Anandibaya jakisoni wa dzanzi yemweyo wochotsera mano. Pobowola ndinkamva kunjenjemera m'mutu monse ndi madzi ozizira akuthiridwa, koma ululu ayi. Kuchotsa dzino lakumapeto lija kunandizunza kuposa apa. Dzanzi litatha chibwano chinatupa, pansi pake panada ngati andimenya, ndipo kwa masiku angapo ndinkamwa mankhwala opha ululu ndi kudya zamadzimadzi. Patatha pafupifupi sabata anachotsa ulusi.

Nthawi yotopetsa ndi yodikira ija. Mano anga akale anawakumba kunsi kuti asapanikize pabala, n'kuikamo zofewa, ndiye anali ogwedera kuposa kale. Ngati muli ndi ukwati wa mwana kapena zoimba zazikulu kutsogoloku, werengerani bwino miyezi musanayambe.

Tsiku lomwe anandiveka, ndinadina ndi zala ziwiri n'kumva kuti tha! Ndinayesa kuwatukula ndi lilime monga ndinazolowera, osasuntha. Chondiseketsa n'chakuti madzulo ake ndinalephera kuwavula, ndinalimbana nawo pagalasi thukuta kamukamu. Kuvula kwake mumalowetsa zala zazikulu kunsi mbali zonse ziwiri, pafupi ndi pamene pali timitu, n'kukwezera m'mwamba nthawi imodzi. Mukakoka mbali imodzi mumapotoza kamphira. Povalanso musamalume kuti alowe, dinani ndi zala, chifukwa kuluma kumaphwanya timphirato msanga. Timphirato tili ndi mitundu yosiyanasiyana malinga ndi kuthina kwake, ndipo ine anandisinthira n'kuika tofewerapo chifukwa zala zanga zili ndi nyamakazi. Muwauze adokotala ngati manja anu alinso ndi vuto.

Pano nyama ndimatafuna, apozi ndimaluma ndi mano akutsogolo, ndipo ndikafuna kuyetsemula sindithamangiranso kutseka pakamwa kuopa kuti auluka. Guluu ndinamutaya.

Koma mwati tinene zoipa zomwe. Sali ngati mano obadwa nawo m'kamwa aja, musayembekezere zimenezo. Kutsogolo agwira, koma kumbuyo akhalabe pankhama, ndiye mukaluma cholimba ndi mano akumapeto mumamva akutsika pang'ono. Tinjere timalowabe pansi nthawi zina, kungoti si kwambiri ngati kale, ndipo ndikatha kudya ndimapita kukawatsukuluza. Timphira timatha. Kwa ine pakatha chaka kapena kuposerapo pang'ono ndimayamba kumva kuti akuvuka mosavuta, ndiye ndimapita kukasinthitsa. Ndi ntchito ya mphindi zochepa, yosawawa, koma ndi yolipira, ndipo sidzatha. Fupa lakumbuyo likupitirizabe kutsika, choncho kudzaza kuja kudzafunikabe pakapita zaka. Mukamafunsa mtengo mufunse wa zonsezi, osati wa opaleshoni yokha.

Timitu tija ndimatitsuka m'mawa ndi usiku ndi kamswachi kofewa, kuzungulira m'mphepete mwa nkhama. Pamenepo ndi pamene malovu amatulukira ambiri, ndiye litsiro louma lija limagwira msanga mukalekerera.

Namwino_wopuma

Mayi Nachisale, anzangawa anena zabwino ndipo sindikutsutsa, koma ine ndibweze pang'ono chingwe.

Zaka si vuto. Anthu a zaka 80 amaikidwa ma implant n'kugwira bwinobwino. Chimene dokotala amayang'ana ndi thanzi la munthu ndi fupa lomwe latsala, ndipo fupalo saliyeza ndi maso. Pamafunika X-ray ya nsagwada yonse, ndipo ambiri masiku ano amajambulanso sikani yotchedwa CBCT imene imaonetsa kukula kwa fupa ndi pamene padutsa mtsempha. Mtsempha umenewo ukavulazidwa mlomo wa m'munsi ndi chibwano zimachita dzanzi, nthawi zina mpaka kalekale. Wina akafuna kubowola asanajambule, nyamukani pampandopo.

Shuga sakuletsani ngati ali m'malo mwake. Woopsa ndi shuga wokwerakwera, chifukwa bala limachedwa kupola ndipo tizilombo timapeza mpata. Pemphani kuti akuyezeni HbA1c, kuyeza kumene kumaonetsa mmene shuga wanu wakhalira pa miyezi itatu yapitayi, osati wa m'mawa umodzi wokha, ndipo zotsatirazo mupite nazo kwa dokotala wa mano.

Mwanenanso kuti mano anu anatha ndi matenda a nkhama. Mfundo imeneyo musaitaye. Implant siibola, koma nkhama ndi fupa zoizungulira zimadwala mofanana ndi mmene zinadwalira pa mano anu, ndipo amene anavutikapo ndi nkhama amakhala pachiopsezo chokulirapo. Kuipa kwake sizipweteka poyamba. Mumangoona magazi potsuka, kapena kafungo, fupa likudyeka mwakachetechete. Mchimwene wanga anaikidwa awiri, koma fodya anakana kusiya, ndipo potsuka ankangodutsitsa mswachi pamwamba. Imodzi inayamba kutuluka mafinya, kenako kugwedera, mpaka anaichotsa. Anadikira kuti papole n'kuikanso ina, ndalama kawiri. Ngati mumasuta, kapena kuika fodya m'kamwa, yambani ndi kusiya.

China chimene anthu amaiwala kutchula ndi mankhwala olimbitsa mafupa, monga alendronate, kapena jakisoni wa denosumab ndi zoledronate. Amayi ambiri a msinkhu wathu amapatsidwa amenewa. Mwa apo ndi apo amachititsa kuti bala la m'nsagwada lisapole, fupa n'kuyamba kufa. Kwa omwa mapiritsi chiopsezo n'chochepa, chimakula kwa olandira mankhwalawa mwamphamvu chifukwa cha khansa, komanso amene anawotchedwapo khansa ndi makina kumutu kapena kukhosi. Ochepetsa kuundana kwa magazi monga warfarin muwatchulenso. Musasiye mankhwala aliwonse panokha, ingotengani mapaketi onse mukawaonetse.

Ndipo musanalipire, funsani ngati mano muli nawowo sanangotha ntchito. Mano oikirira akakalamba amaperepeseka, kulumana kwake kumasokonekera, ndipo kumeneko pakokha kumawagwedeza. Alipo anthu amene mano atsopano opangidwa bwino anawakwanira popanda chitsulo chilichonse. Kwa inu mwina kamtunda kanaphweratu, koma muuzidwe zimenezo ndi munthu amene wayang'ana m'kamwamo. Guluuyo pakadali pano muzipaka timadontho tochepa. Mitundu ina imakhala ndi zinki, ndipo anthu amene ankapaka wambiri kwa zaka anadwalapo dzanzi ndi kufooka kwa miyendo.

Wa_ku_labu

Ndibwerere ku funso la mwana wanu lija, loti bwanji osangoika osavula. Njira imeneyo ilipo, yodziwika kwambiri ndi All-on-4 imene anatchukitsa Paulo Maló wa ku Portugal. Amaika ma implant anayi kapena kuposerapo pansagwada imodzi, mano onse n'kumangidwa ndi tisikuluwu, wochotsa ndi dokotala yekha. Potafuna ndi amphamvu kuposa ovula, ndipo sagwedera mpang'ono pomwe. Koma mtengo wake ndi wokwera kwambiri, opaleshoni yake ndi yaikulu, ndipo kutsuka kwake n'kovuta chifukwa muyenera kulowetsa kaulusi kapena kamswachi kakang'ono pansi pa manowo tsiku lililonse ali m'kamwa momwemo. Munthu amene maso ayamba kuchepa mphamvu, zala zikuuma, ndiponso anataya mano ndi matenda a nkhama, ine ndimaona kuti kuvulako n'kumene kumamuteteza. Mwavula, timitu tiwiri tili poyera, mwatsuka, mwamaliza. Mukadzadwala n'kumasamalidwa ndi ena, iwonso sadzavutika.

Palinso nkhani ya nkhope. Fupa likatha milomo imalowa mkati. Mano ovula ali ndi mbali yofiirira ija yokhala ngati nkhama, imene imadzaza pamene panali fupa n'kutukula mlomo. Omangirira nthawi zambiri sadzaza chimodzimodzi.

Kuvula usiku kukhalapobe, inde. Nkhama zimafuna kupuma, ndipo pansi pa pulasitiki wosavulidwa pamamera mafangasi, m'kamwa n'kufiira. Kafukufuku wina wa ku Japan pa okalamba a zaka 85 kupita m'tsogolo anapeza kuti ogona ndi mano oikirira ankadwala chibayo pafupifupi kawiri kuposa ovula. Muziwatsuka ndi sopo wofatsa kapena mapiritsi osungunula m'madzi aja, osati mankhwala otsukira mano wamba chifukwa amakala pulasitiki, komanso osati m'madzi otentha chifukwa amapindika.

A m'mwamba asiyeni momwe alili poti sakukuvutani. Kumeneko fupa ndi lofewa ndipo pamafunika ma implant anayi kapena kuposa, ndiye palibe chifukwa choyambira nkhondo pamene pali mtendere.

Nachisale67

Zikomo kwambiri nonse, mwandimasula. Fodya sindinasutepo. Koma amayi anamwino mwandidzidzimutsa, chifukwa pali piritsi limene ndimamwa kamodzi pa sabata m'mawa ndisanadye, anandipatsa nditathyoka dzanja, ndipo ndayang'ana paketi yake ndi alendronate yemweyo. Ndipita nalo limodzi ndi a shuga, ndipo ndikapempha kuti dokotala wa mano ndi amene amandipatsa mankhwalawa alankhulane ndisanavomere chilichonse. Mwana wanga ndamuwerengera zimene mwalemba bambo a ku labu, wangoti chabwino, koma ndikuona kuti sanagonje.

Bambo a mapasa, mwandiseketsa ndi zolimbana ndi mano pagalasi. Ndifunseko chimodzi: mano ndili nawowa angathe kuwaika tizisoti tija, kapena ndiyenera kupangitsa ena? Ndinawazolowera maonekedwe ake, sindikufuna kudzuka ndi nkhope yachilendo.

Wa_ku_labu

Zimatheka mayi, ndipo timachita kawirikawiri. Ngati manowo akulumana bwino ndi a m'mwamba, sanaperepeseke, ndipo pulasitiki wake ndi wochindikala mokwanira, dokotala amakumba timaenje tiwiri kunsi kwake n'kumatiramo tizisoti muli pampando pomwepo. Vuto limabwera akakhala opyapyala. Kachisoti kamadya malo, pulasitiki wotsala pamwamba pake amachepa, ndipo poti tsopano mudzakhala mukuluma mwamphamvu kuposa kale, amathyokera pamenepo. Ambiri amene amabwera kwa ife atathyoka amakhala atathyokera pa kachisoti. Zikakhala choncho ndi bwino kupanga atsopano okhala ndi chitsulo chopyapyala mkati.

Za nkhope musade nkhawa. Titha kutenga chikombole cha mano muli nawowo n'kutsanzira kukula kwake, mtundu wake ndi kaimidwe kake. Musanawalandire pamakhala tsiku lowayesa akadali pa phula, ndipo tsiku limenelo mupite ndi mwana wanuyo, muyang'ane pagalasi, mulankhule, muimbeko ndime imodzi. Chimene simunachikonde munene pomwepo, chifukwa pa phula dzino timalisuntha ndi kampeni kotentha m'mphindi zochepa, koma akaphikidwa kukhala pulasitiki kusintha kwake ndi kuyambiranso. Akalewo musataye, adzakuthandizani tsiku limene atsopano adzakhale ku labu kukakonzedwa.